Levin, Trueno ndi zilembo za pabuti: mbiri ya magiredi a Toyota AE86

Mu Meyi 1983 kampani ya Toyota inatulutsa Corolla ya m'badwo wachisanu, ndipo nkhani inali pakamwa pa anthu ku Japan inali yakuti galimoto ya banja yotchukayi yasintha kayendedwe. Kuchokera mu 1966 mphamvu ya injini ya Corolla inkapita ku matayala akumbuyo, koma tsopano inayamba kupita ku akutsogolo, monga makampani ambiri ankachitira kale pofuna kupulumutsa mafuta ndi kukulitsa malo okhala m'kati. Panali galimoto ziwiri za m'banja lomweli zimene sizinasamuke nawo. Corolla Levin ndi Sprinter Trueno, galimoto zazing'ono zamasewera, zinatsala ndi kapangidwe kakale: injini kutsogolo, mphamvu kumbuyo, ndi chitsulo chimodzi cholimba cholumikiza matayala awiri akumbuyowo. Zimene zinali ndi injini yamphamvu zinapatsidwa nambala ya kufakitale yakuti AE86, ndipo nambala imeneyi ndi imene dziko likuidziwa lero kuposa maina enieni a galimotozo. Zinapangidwa zaka zinayi zokha, mpaka 1987. Papita zaka zoposa 40 chitulukireni, koma okonda galimoto akadakanganabe kuti pa magiredi ake atatu, GT-APEX, GT-V ndi GT, yeniyeni ndi iti, ndipo ambiri amayankha ngati kuti Toyota inaimika makwerero, yabwino pamwamba, yachabechabe pansi. Mbiri ya galimotoyi siivomereza zimenezo. Magiredi atatuwa anapangidwira ogula atatu osiyana, ndipo mndandanda wa yabwino ndi yotsalira wakhala ukutembenuzidwa ndi anthu amene sanapondepo n'komwe m'fakitale ya Toyota.

Tiyambe ndi maina awiri aja, chifukwa ndi pamene chisokonezo chimayambira. Levin ndi Trueno ndi galimoto imodzi. Injini ndi imodzi, giyabokosi ndi imodzi, miyendo ndi imodzi. Zimasiyana nkhope basi: Levin ili ndi nyali zoonekera nthawi zonse, pamene nyali za Trueno zimabisala m'boneti n'kumatukuka ukaziyatsa, ndipo mabampala ndi nyali zakumbuyo zimasiyana pang'ono. Chifukwa chake chinali cha malonda, osati cha uinjiniya. Ku Japan, Toyota inkagulitsa galimoto zake kudzera m'magulu osiyana a mashopu, gulu lililonse ndi katundu wake. Mashopu a Corolla ankagulitsa Levin, mashopu a Auto ankagulitsa Sprinter ndi Trueno yake, ndipo gulu lililonse linkafuna galimoto yamasewera yoika pawindo kuti anyamata aziima. Mwambowu unayamba mu 1972, pamene Toyota inatenga injini ya 2T-G ya mu Celica n'kuiika m'thupi laling'ono la Corolla, n'kutulutsa Levin ndi Trueno zoyamba, za nambala TE27. Choncho munthu wonena kuti Trueno imathamanga kuposa Levin akunena za chikondi chake pa nyali zotukuka. Palibe cholakwa kukonda nyali, koma si nkhani ya liwiro.

Mfundo yachiwiri ndi imene imagwetsa makwerero aja. Pa AE86 zonse zogulitsidwa ku Japan, kuyambira GT yotsika mtengo mpaka GT-APEX yodula, injini inali yomweyo. Inali 4A-GE, ya masilinda anayi, ya 1,587cc, ya makamushafuti awiri ndi mavavu 16, yomwa petulo kudzera m'mainjekita. Toyota inkati imatulutsa mahosipawa 130 ikamazungulira ka 6,600 pa mphindi, ndipo inkapitirira 7,000 popanda kudandaula, chinthu chimene pa galimoto yoti mnyamata wongoyamba ntchito n'kuigula chinali chachilendo nthawi imeneyo. Inalinso ndi kachipangizo kotchedwa T-VIS, kamene kankatseka theka la njira za mpweya injini ikamayenda pang'onopang'ono n'kuzitsekula ikakwera, kuti galimoto isakhale yaulesi m'tauni. Zonsezi wogula GT ankazipeza ndendende monga wogula GT-APEX. Ndalama yowonjezera siinkagula hosipawa ngakhale imodzi. Makampani ambiri masiku ano amamangirira injini yamphamvu ku giredi yodula, moti ukafuna liwiro uyeneranso kulipirira mipando yachikopa imene sunaifune. Toyota ya 1983 inasiyanitsa zinthu ziwirizi, ndipo m'posadabwitsa kuti mkangano wa magiredi a AE86 sutha: aliyense ali ndi mtima wofanana, ndiye kukangana kumakhala pa zimene zazungulira mtimawo.

GT-APEX inali ya munthu wofuna galimoto yamasewera imene angapitenso nayo kuntchito ndi kokatenga chibwenzi. Inkapezeka m'matupi onse awiri, la zitseko ziwiri lokhala ndi buti yapayokha ndi la zitseko zitatu lotsekuka kumbuyo konse. Apa ndi pamene pankapezeka penti ya mitundu iwiri, mipando yabwinoko, chiwongolero cha pawa, ndi zinthu zamagetsi zimene m'zaka za m'ma 1980 zinkaoneka ngati zochokera m'tsogolo. GT-APEX zina, makamaka za zitseko zitatu zoyambirira, zinali ndi dashibodi ya manambala owala m'malo mwa mivi. Levin GT-APEX yoyambirira inali ndi girilo yotsekeka yokha kutsogolo, imene inkatembenuka n'kutsekula njira ya mpweya madzi a mu injini akatentha. Mabuleki anali a disiki matayala onse anayi. Palibe angaitche galimoto yofooka, ndipo m'mabuku otsatsa malonda ndi imene inkakhala patsamba loyamba. Komabe tikachotsa mabuleki, pafupifupi chilichonse chimene GT-APEX inkaposera anzake chinali cha kuthandiza thupi la woyendetsa kapena kusangalatsa maso a oima m'mbali mwa msewu. Chilichonse mwa izo chinali ndi kulemera kwake, ndipo chilichonse, monga eni ake a lero akudziwira bwino, chinali ndi tsiku lake lodzafa.

GT-V, imene ena amalemba GTV, inali ya thupi la zitseko zitatu lokha, ndipo ndi imene Toyota inapangira munthu wokonda kuyendetsa. Inasunga mabuleki a disiki kumbuyo, inataya zokongoletsa zambiri, miyendo yake inali yolimbirapo, ndipo chiwongolero chake, chopanda pawa, chinali chachangu kuposa cha anzake, moti dzanja likangosuntha pang'ono mphuno ya galimoto yayankha kale. Poimika galimoto pamalo opanikizika chinali chotopetsa, koma pamsewu wokhotakhota chinali chimene woyendetsa ankafuna. GT nayo inali ya zitseko ziwiri zokha, ndipo inali yosavala kuposa zonse: malimu achitsulo, m'kati mopanda chodzitamandira, ndi mabuleki a diramu kumbuyo. Inkalemera pafupifupi makilogalamu 900, pamene GT-APEX ya zitseko zitatu inkaposa pamenepo ndi makilogalamu makumi angapo. Ndiye taonani mmene zinthu zinalili pamndandanda wa mitengo. Yodula kwambiri siinali yakuthwa kwambiri, yakuthwa kwambiri inali pakati, ndipo yopepuka kwambiri inali pansi. Makwerero amtundu wanji amenewa?

Wina anganene kuti tikukometsa umphawi. GT, iye angatero, inali chabe galimoto yochepetsedwa mtengo, ndipo umboni wake ndi mabuleki a diramu aja, amene palibe injiniya angawaike pa galimoto yothamanga chifukwa chowakonda. Mfundoyi ili ndi choonadi. Diramu imasunga kutentha, ndipo potsika phiri lalitali uli pabuleki imayamba kufooka msanga kuposa disiki. Toyota inaika diramu kuti mtengo utsike, palibe chinsinsi. Koma tifunse kuti ankagula GT anali ndani. Ena anali achinyamata amene ndalama zawo zinkathera pomwepo, ndipo kwa iwo mwayi unali woti injini ya 4A-GE yafika m'manja mwawo. Ena anali a mipikisano, a rally ndi a m'mabwalo, amene galimoto ikangofika kugalaja ankachotsa mipando, makapeti ndi miyendo yonse n'kuikamo zawo. Munthu wotere kumugulitsa dashibodi yowala ndi kumulipiritsa chinthu choti akachitaye mawa lake. Iye ankafuna thupi ndi injini pamtengo wotsikitsitsa, ndipo thupi la zitseko ziwiri, lopanda chibowo chachikulu kumbuyo, linkadziwika kuti ndi lolimbirapo likamapotoka pamsewu woipa. La zitseko zitatu linkadula mphepo bwinoko, n'chifukwa chake linkakondedwa m'mabwalo a liwiro lalikulu. Za kulemera nazo, makilogalamu makumi angapo amamveka ochepa kwa ife tinazolowera galimoto za matani awiri, koma pa galimoto yosafika tani imodzi ndi ya mahosipawa ochepa chonchi, kusiyanako kuli ngati kukwezapo thumba la chimanga n'kumayenda nalo kulikonse osalitsitsa.

Malire enieni m'banjali sanali pakati pa GT ndi GT-APEX. Anali pakati pa AE86 ndi mbale wake AE85. Kunja galimoto ziwirizi n'zovuta kuzisiyanitsa, chifukwa thupi ndi lomwelo ndipo maina a Levin ndi Trueno ndi omwewo. Koma AE85 inali ndi injini ya 3A-U, ya 1,452cc, ya kamushafuti imodzi ndi kabureta, yotulutsa mahosipawa opitirira 80 pang'ono. Magiredi ake anali ndi maina ena: SR pa thupi la zitseko zitatu, ndipo pa la zitseko ziwiri panali SE, GL pa Levin, XL pa Trueno, komanso Lime ndi Lisse, zimene Toyota inkatsatsa kwa amayi. Kusiyana sikunathere pa injini. Giyabokosi inali ina, difu inali yaing'ono, kilatchi inkayendera waya osati mafuta, mabuleki anali ocheperapo. Inali galimoto yabwinobwino yopitira kuntchito itavala zovala zamasewera, ndipo inkagwira ntchito imene inapangidwira. Ngati pali giredi imene tinganene kuti inali pansi pa zinzake pa nkhani ya kuthamanga, ndi iyi, ndipo chizindikiro chake sichili pabuti. Chili pa nambala yodindidwa pachitsulo kuseri kwa injini, pamene pamalembedwa AE85 kapena AE86.

Mu Meyi 1985 Toyota inakonzanso galimotoyi, n'kusintha mabampala, nyali zakumbuyo ndi za m'kati. Okonda AE86 amagawa mbiri yake pamenepa: zoyambirira amazitcha zenki, zotsatira kouki. Pa nthawiyi mpikisano unali utakula. Honda inali itatulutsa Civic Si ndi CR-X Si kumapeto kwa 1984, za injini ya makamushafuti awiri ndi mphamvu yopita kutsogolo, ndipo pa pepala zinkaiposa Toyota. Yankho la Toyota silinali kuwonjezera mphamvu. Inawonjezera zofewetsa moyo, mpaka kulola giyabokosi ya otomatiki ya magiya anayi pa magiredi ena a AE86, chinthu chimene chikusonyeza kumene kampaniyo inkaona kuti ndalama zili. Mu 1986 kunatuluka Black Limited, Trueno GT-APEX ya zitseko zitatu yakuda yokhala ndi zolemba ndi malimu agolide, ndipo zinapangidwa 400 zokha. Lero ndi imodzi mwa AE86 zosowa kwambiri. Injini yake inali yomwe ija ya mu GT.

Kunja kwa Japan zilembo zinasokonekeranso. Ku America galimotoyi inkagulitsidwa ngati Corolla Sport, zonse ndi nkhope ya nyali zotukuka ya Trueno. Giredi ya GT-S inali ndi 4A-GE, yolembedwa mahosipawa 112, koma SR5 inali ndi injini ya 4A-C ya kamushafuti imodzi ndi kabureta, ngakhale nambala ya thupi lake inali AE86. Kotero lamulo lija lakuti AE86 ndiye kuti injini yamphamvu limagwira ntchito pa galimoto za ku Japan, koma ukawoloka nyanja limaphonya. Kusiyana kwa 130 ndi 112 nakonso kwapusitsa ambiri. Mbali ina kunabwera ndi malamulo a utsi, koma mbali yaikulu ndi kayezedwe: Japan ya nthawi imeneyo inkayeza injini ili yokha, yosamangiriridwa zonse zimene imakoka ikakhala m'galimoto, pamene America inkayeza itavala zonse. Ku Ulaya inkadziwika ngati Corolla GT, ndipo ku Britain Chris Hodgetts anapambana nayo mpikisano wa dziko lonse wa galimoto za mtundu wa saluni mu 1986. Galimoto yake, monga zonse za mpikisano, inalibe kanthu m'kati koma mpando, zitsulo zoteteza ndi chiwongolero, moti funso lakuti inali giredi yanji silikanamveka n'komwe.

Mu 1987 kunabwera AE92, Levin ndi Trueno zatsopano za mphamvu yopita kutsogolo, ndipo zinagulidwa kwambiri. AE86 inasanduka galimoto yakale yotsika mtengo. Ku Japan galimoto siichedwa kugwa mtengo, chifukwa lamulo limafuna kuti iyesedwe ikatha zaka zitatu, kenaka zaka ziwiri zilizonse, ndipo kuyesako, kotchedwa shaken, kumadya ndalama zambiri moti eni ambiri amasankha kugulitsa. Apa ndi pamene mndandanda unatembenuzidwa koyamba. Ogula atsopano anali anyamata othamangitsana usiku m'misewu ya m'mapiri, ndipo zimene ankafuna zinali mphamvu yopita kumbuyo, thupi lopepuka, ndi masipeyala osavuta kupeza. Keiichi Tsuchiya, amene anatchuka ndi AE86 m'mipikisano ya pabwalo la Fuji, anaonetsa dziko kuyendetsa kotsetsereka cham'mbali pokhota, kumene lero kumatchedwa drift, ndipo kanema wake wa m'mapiri wotchedwa Pluspy, wa 1987, unafalikira pakati pa achinyamata. M'dziko limeneli chiwongolero chachangu cha GT-V chinali chuma, kupepuka kwa GT kunali chuma, difu ya LSD, yogawa mphamvu ku matayala onse awiri limodzi likamaterereka, inali chuma choposa zonse, ndipo girilo yotsekeka yokha inali chinthu china choti chidzawonongeke. Galimoto zambiri zinathera m'zigwa ndi pazitsulo za m'mbali mwa msewu. Zopulumuka zinasinthidwa ziwalo mpaka GT kukhala ndi mabuleki a GT-APEX, GT-APEX kukhala ndi chiwongolero cha GT-V, Levin kuvala nkhope ya Trueno.

Kutembenuka kwachiwiri kunachokera m'buku la zithunzi. Mu 1995 Shuichi Shigeno anayamba kusindikiza nthano yotchedwa Initial D m'magazini ya Weekly Young Magazine, ndipo inapitirira mpaka 2013, itasandukanso makatuni a pa TV kuyambira 1998. Mwini nkhani, Takumi Fujiwara, ndi mnyamata amene amaperekera tofu, chakudya cha soya chimene bambo ake amapanga, kudutsa paphiri m'bandakucha, ndipo amagonjetsa galimoto zamphamvu kuposa yake. Phiri la m'nthanoyo linatengedwa pa phiri lenileni la Haruna m'chigawo cha Gunma. Galimoto ya Takumi ndi Trueno GT-APEX ya zitseko zitatu, yoyera pamwamba, yakuda pansi. Kuchokera pamenepo msika unadziwa AE86 imodzi yokha. Giredi imene anyamata a m'mapiri ankaiona ngati yolemera ndi zosafunika inakhala yofunidwa kuposa zonse, ndipo nthano imene phunziro lake linali lakuti luso la woyendetsa limaposa galimoto inapangitsa anthu kulipira ndalama zambiri kuti apeze giredi, thupi ndi penti zofanana ndendende ndi za m'buku. Shigeno yemweyo ankadziwa msampha wa zilembo: mnzake wa Takumi, Itsuki, amagula Levin motchipa akuganiza kuti wapeza AE86, n'kuzindikira pamaso pa anzake kuti ndi AE85.

Pano pali mtsutso wamphamvu kuposa woyamba uja. Munthu anganene kuti msika sunama: ngati ogula padziko lonse akulipira zambiri pa GT-APEX, ndiye kuti GT-APEX ndiyo yabwino, ndipo zonena za chiwongolero ndi makilogalamu ndi zodzitonthoza za amene sangaikwanitse. Yankho ndi lakuti mtengo umayeza chimene anthu akufuna, ndipo chimene akufuna chasintha kawiri pa galimoto imene chitsulo chake sichinasinthe. Mu 1983 GT-APEX inali yodula chifukwa inali ndi katundu wambiri. Cha m'ma 1990 katunduyo analibe ntchito kwa ogula. Lero ndi yodula chifukwa cha nthano, chifukwa cha kusowa kwa galimoto zosasinthidwa, komanso chifukwa cha malamulo a maiko ena: America imalola kulowetsa galimoto yakunja mosavuta ikakwanitsa zaka 25, ndipo AE86 za ku Japan zitangofika msinkhu umenewo ogula atsopano anakhamukira m'maokushoni. Zonsezi ndi zifukwa zenizeni, ndipo munthu wogula kuti asunge ngati chuma ayenera kuzimvera. Koma palibe chimodzi mwa izo chimene chikunena za mmene galimoto imakhotera. Wofunsa kuti idzagulitsika bwino ndi iti ndi wofunsa kuti imayenda bwino ndi iti akufunsa mafunso awiri, ndipo mkangano wambiri wa magiredi umabwera chifukwa wina akuyankha funso limene mnzake sanafunse.

Mtsutso wina umachokera mbali inayo. Ngati zilembo zilibe ntchito, bwanji osagula AE85 yotchipa n'kuikamo 4A-GE? Anthu ambiri anachitadi zimenezi, ndipo galimoto yosinthidwa bwino imayenda ngati AE86 iliyonse, chifukwa thupi ndi limodzi. Koma mawu akuti bwino akubisa ntchito yaikulu. Injini ya mainjekita imafuna pampu ya petulo yamphamvu, mapaipi ake, mawaya ake ndi kompyuta yake. Giyabokosi, shafuti, difu, kilatchi ndi mabuleki zonse ziyenera kusinthidwa, apo ayi injini yatsopano idzathyola chofooka chilichonse chimene chatsala. Wochita theka la ntchitoyi n'kumata chizindikiro cha GT-APEX pabuti wapanga galimoto yoopsa kwa iye mwini, ndipo akaigulitsa osanena wapanga chinyengo. Pamenepa zilembo zili ndi ntchito, koma ntchito yake ndi ya umboni wa kumene galimoto inachokera. Ndipo umboni wa pabuti ndi wofooka kuposa wina uliwonse, popeza chizindikiro chimamatidwa m'mphindi zochepa. Wodalirika ndi nambala ya chasisi ndi kachitsulo ka kufakitale kolembedwa mtundu wa galimoto, injini, giyabokosi ndi penti imene inatuluka nayo.

Pamwamba pa zonsezi pali dzimbiri, limene silisankha giredi. AE86 inapangidwa nthawi imene zitsulo za galimoto sizinkatetezedwa ngati lero, ndipo imadyeka m'mphepete mwa matayala akumbuyo, pansi pa zitseko, m'munsi mwa buti ndi mozungulira galasi lakumbuyo. Injini ya 4A-GE imamangidwanso, mabuleki a disiki amaikidwa pa GT, chiwongolero chimasinthidwa. Thupi lodyeka kapena lopindika pangozi ndi limene limameza ndalama zopanda malire, ndipo nthawi zambiri silibwereranso mmene linalili. GT ya thupi lathanzi ndi galimoto yabwino kuposa GT-APEX yowola pansi. Zokongoletsa zimene zinkakweza mtengo wa GT-APEX mu 1983 ndi zimenenso zikuvuta kwambiri kupeza lero, chifukwa dashibodi ya manambala ikazima palibe makaniko wa pamsika angaidzutse ndi sipanala.

Kwa ife a ku Malawi ndi Zambia nkhaniyi siili kutali monga ikuonekera. AE86 yeniyeni ndi yosowa m'misewu yathu, ndipo msonkho wolowetsera galimoto suthandiza woganiza zoitanitsa. Koma timayendetsa kumanzere ngati a ku Japan, ndipo gawo lalikulu la galimoto zathu linadutsa m'maokushoni omwewo, lotulutsidwa ndi shaken yomweyo, n'kutsikira pa madoko a Dar es Salaam, Beira kapena Durban. Wogula Corolla, Axio kapena Sienta amakumana ndi zilembo zakezake, X ndi G, ndipo wogulitsa amakweza mtengo ndi chilembo ngakhale pamene injini ndi imodzi. Amakumananso ndi giredi yachiwiri, ya pa pepala la okushoni, imene siinena za katundu wa kufakitale koma za mmene galimotoyo ilili lero, ngati inagundapo ndi ngati ili ndi dzimbiri. Anthu ambiri amafunsa ya pabuti n'kuiwala ya papepala. Injini ya 4A-GE nayo siyachilendo kuchigawo chino, chifukwa ku South Africa inkapezeka mu Conquest RSi ndi Corolla GLi Twincam, galimoto za mphamvu yopita kutsogolo zimene zinatchuka kumeneko ndipo okonda liwiro amazikumbukirabe.

Toyota yokha inadzaonetsa mmene inkaonera nkhaniyi pamene inatulutsa galimoto yotchedwa 86 mu 2012, yopangidwa mogwirizana ndi Subaru, dzina lake lochokera pa AE86. Ku Japan inali ndi magiredi anayi, RC, G, GT ndi GT Limited, onse a injini imodzi. RC, ya pansi, inkagulitsidwa ma yen 1.99 miliyoni, ya malimu achitsulo, mabampala osapentedwa, yopanda eyakoni ndi wailesi, ndipo kampaniyo siinabise kuti ndi ya anthu oti akaisinthe okha. Inali GT ya 1983 itabadwanso, tsopano cholinga chake chitanenedwa poyera. Mu 2021 nthambi ya Toyota yotchedwa Gazoo Racing inayambanso kupanga masipeyala a AE86 kwa eni ake amene ankasowa pogwira. Zoyamba kutuluka zinali makalipa a mabuleki akumbuyo ndi timikono ta chiwongolero, kenaka mashafuti a matayala akumbuyo.